Mafunso a Owerenga: Galimoto Imanjenjemera Ndikaponda Mabuleki, Koma Osati Nthawi Zonse

FUNSO

Zikomo a Mlangizi,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa nthawi yaitali, ndipo lero ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere. Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo ndinagula galimoto yaing'ono ya otomatiki, yoti inagwirapo kale ntchito, itayenda makilomita 140,000. Patangopita milungu yochepa ndinayamba kumva chiwongolero chikunjenjemera m'manja ndikaponda mabuleki, koma chodabwitsa n'chakuti sichichita zimenezi nthawi zonse. M'mawa ndikangonyamuka, galimotoyi imaima bwinobwino. Ndikayenda kwa mphindi 30 kapena 40 pa msewu waukulu, kapena ndikamatsika mtsetse wautali, m'pamene chiwongolero chimayamba kugwedezeka, ndipo nthawi zina ndimamva chopondera mabuleki chikundikankha phazi mobwerezabwereza.

Makaniko woyamba anati madisiki apindika, choncho anakawapala pa makina n'kuika mapadi atsopano. Vutoli linatha kwa miyezi iwiri, kenako linayambiranso. Makaniko wachiwiri anaiyendetsa kwa mphindi zisanu n'kundiuza kuti ilibe vuto lililonse. Tsiku lina nditaimika galimoto ndinamva kafungo ka chinthu chopserera kuchokera ku gudumu lakutsogolo lakumanzere, ndipo ndaonanso kuti limu ya mbali imeneyo imada msanga ndi fumbi lakuda kuposa inzake. Kodi ndigule madisiki atsopano? Nanga kodi ndikuika moyo wa ana anga pachiswe powanyamula m'galimoto imeneyi?

Ndine,
Mayi wodera nkhawa

YANKHO

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, imene mwailemba mosamala moti yandiuza zambiri kuposa zimene munthu angapeze poyendetsa galimotoyo kwa mphindi zisanu. Ndiyambe ndi mafunso anu awiri omalizawo. Madisiki atsopano musagule kaye, chifukwa zizindikiro zimene mwatchulazi zikusonyeza kuti pali chinthu china chimene chikuwononga madisikiwo, ndipo chinthucho chikapanda kupezeka, atsopanowo adzawonongekanso monga momwe anachitira amene anapalidwa aja. Ponena za ana, kunjenjemera pakokha sikutanthauza kuti mabuleki asiya kugwira lero kapena mawa, koma fungo lopserera limene munamva likundidetsa nkhawa, ndipo ndikukupemphani kuti musayende ulendo wautali kapena kutsika mitsetse ikuluikulu mpaka gudumu lakumanzerelo litamasulidwa ndi kuunikidwa bwino.

Kuti timvetsetsane, ndifotokoze mwachidule zimene zili kuseri kwa gudumu. Disiki ndi chitsulo chozungulira ngati mbale, chimene chimakhala pa habu (chitsulo chapakati chimene gudumu limamangiriridwapo) n'kumazungulira limodzi ndi gudumu. Mapadi awiri amakhala uku ndi uku kwa disikiyo, mkati mwa chipangizo chimene amakaniko amachitcha kalipa. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri, mukaponda buleki mafuta a mabuleki amakankha pisitoni, pisitoniyo imakankha padi yamkati, ndipo kalipa yonse imatsetsereka pa mapini awiri opakidwa girisi n'kukoka padi yakunja, kotero kuti disiki imapanidwa mbali zonse ziwiri. Ntchito yonse ya mabuleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,200 imene ikuthamanga makilomita 100 pa ola, ikaimitsidwa, imatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira opitirira lita imodzi, ndipo kutentha konseko kumalowa m'zitsulo m'masekondi owerengeka chabe, kochuluka kwake n'kupita ku madisiki akutsogolo. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi.

Mawu akuti "madisiki apindika" amanenedwa kawirikawiri, koma nthawi zambiri safotokoza chimene chachitikadi. Disiki yopindika pang'ono, ngati ili yokhuthala mofanana paliponse, kalipa imatha kuitsatira potsetsereka pa mapini ake, ndipo woyendetsa sangamve zambiri. Chimene chimagwedeza chiwongolero ndi disiki imene malo ena ndi yokhuthala kuposa malo ena. Malo okhuthalawo akamadutsa pakati pa mapadi amakankhira pisitoni m'mbuyo, pisitoni imakankha mafuta, mafutawo n'kukankha phazi lanu, ndipo pa nthawi yomweyo mphamvu ya buleki imakwera ndi kutsika pa kuzungulira kulikonse kwa gudumu, zimene zimakoka chiwongolero uku ndi uku. Kusiyana kofunika kuti zimenezi zimveke n'kochepa modabwitsa: mamilimita 0.02 kapena 0.03 ndi okwanira, pamene tsitsi limodzi la munthu limakhuthala pafupifupi mamilimita 0.07. N'chifukwa chake makaniko amene wangoyang'ana disiki ndi maso, kapena kuisisita ndi chala, n'kunena kuti ili bwino, sanayeze kanthu.

Pali njira yosavuta yotsimikizira kuti kugwedezekako kukuchokeradi ku chinthu chimene chikuzungulira limodzi ndi gudumu. Tayala la saizi ya 195/65 R15, mwachitsanzo, limayenda pafupifupi mamita awiri likazungulira kamodzi, kutanthauza kuti pa liwiro la makilomita 100 pa ola limazungulira maulendo pafupifupi 14 pa sekondi, pamene pa liwiro la makilomita 20 limazungulira katatu kokha. Choncho ngati vuto lili pa disiki, mudzamva kunjenjemera kothamanga mukangoyamba kuponda, kenako kumanka kucheperachepera liwiro mpaka kusanduka kukankha kumene mungathe kukuwerenga, galimoto ikamayandikira kuima. Mukadzayendanso, tcherani khutu ndi phazi pa chizindikiro chimenechi.

Tsopano tifike pa chimene chakusokonezani kwambiri, chomwe ndi kubwera ndi kupita kwa vutoli. Mapadi akamagwira ntchito amasiya kautoto kopyapyala kwambiri ka zinthu zimene anapangidwa nazo pamwamba pa disiki, ndipo mabuleki amagwira bwino kautotoko kakayala mofanana kuzungulira disiki yonse. Disiki ikatentha mopitirira muyezo, kautotoko kamamatirira mwa zigambazigamba. Chigamba chilichonse chimakhala chokwererapo pang'ono, motero chimakhuzana kwambiri ndi padi, chimatentha kuposa malo oyandikana nacho, ndipo chitsulo chikatentha chimafufuma. Disiki ikakhala yozizira, kusiyanako kumakhala kochepa moti simukumva. Ikatentha, malo okwera aja amakwereratu, ndipo chiwongolero chimayamba kuvina m'manja mwanu. Galimoto ikagona usiku, chitsulo chimazizira n'kubwerera pafupi ndi mmene chinalili. Makaniko wachiwiri uja sanakunamizeni ayi, koma anayesa galimoto yozizira pa liwiro lochepa, pamene matenda ake amaoneka ikatentha. Vuto lotere silipezeka pozungulira galaja.

Funso lenileni tsono ndi lakuti: n'chifukwa chiyani disiki ikutentha chotere pa ulendo wa mphindi 30 pa msewu waukulu, pamene munthu saponda mabuleki pafupipafupi? Apa m'pamene fungo lija ndi fumbi lakuda la pa limu yakumanzere zikulankhula. Fumbi limenelo ndi mapadi amene akuperesedwa, ndipo ngati likuchuluka mbali imodzi, ndiye kuti mapadi a mbali imeneyo akupitiriza kugwira disiki ngakhale mutachotsa phazi. M'maganizo mwanga, buleki yakutsogolo yakumanzere ikukanirira, ndipo pali zinthu zitatu zimene kawirikawiri zimachititsa zimenezi.

Choyamba, chomwenso chimapezeka kwambiri pa galimoto zimene zayenda mtunda ngati wanuwo, ndi mapini aja otsetserekapo kalipa. Pini iliyonse imatetezedwa ndi kachivundikiro ka labala, ndipo kachivundikiroko kakang'ambika, madzi ndi fumbi zimalowa, girisi amauma, dzimbiri n'kuyamba. Ndinaonapo galimoto ina yodwala mofanana ndendende ndi yanu, imene mwiniwake anali atasintha madisiki kawiri m'chaka chimodzi. Titamasula kalipa, pini yam'mwamba inatuluka ndi zala ziwiri zokha, yonyezimira ndi girisi, koma yam'munsi inachita kufuna pulayala ndi nyundo, ndipo itatuluka inali yofiirira, youma gwa, girisi wake atasanduka ngati dothi louma. Titagoneka mapadi awiriwo pa tebulo, ina inali ndi mamilimita pafupifupi 8, pamene inzake inali itatha mopendekeka ngati mphero ya nkhwangwa, mbali ina yokhuthala, mbali ina itatsala pang'ono kufika pa chitsulo. Pa disiki pamaoneka mabala abuluu, ndiponso chithunzi cha padi yathunthu chitadindika ngati chidindo. Anthu amene anasintha madisiki aja sanakhudze mapini amenewo n'kamodzi komwe, ndipo zimandipweteka mtima ndikaganiza kuti ntchito ya mphindi zochepa ikanapulumutsa madisiki anayi.

Chachiwiri ndi pisitoni yeniyeniyo. Pisitoni ya kalipa ilibe sipuling'i yoibweza. Chimene chimaibweza ndi kamphira kozungulira kamene kamapindika pang'ono mukaponda, n'kuwongoka mukasiya, ndipo mphamvu ya kamphirako ndi yochepa kwambiri. Dzimbiri lochepa chabe pa pisitoni ndi lokwanira kuilepheretsa kubwerera, ndipo zinthu zikatentha n'kufufuma, kukanirirako kumakula. Chachitatu, chimene amakaniko ambiri amachiiwala, ndi payipi ya labala imene imabweretsa mafuta ku kalipa. Payipi imeneyi ikakalamba imatha kufufuma kapena kusupuka mkati, kunja ikuoneka yabwinobwino, ndipo zikatero imalola mafuta kupita ku kalipa chifukwa phazi lanu likukankha mwamphamvu, koma imawatsekereza pobwerera. Payipi yotere imachita zinthu mosinthasintha, lero kutseka, mawa kutseguka, ndipo ndi imodzi mwa zinthu zimene zimabweretsa vuto lobwera ndi kupita.

Musanapite ku galaja mukhoza kudziyesera nokha chinthu chimodzi. Yendetsani galimoto kwa mphindi 15 kapena 20 pa msewu wopanda magalimoto ambiri, osaponda mabuleki kupatula pamene pakufunikadi, kenako muime pamalo otetezeka mutaisiya ichepetse yokha liwiro. Tulukani n'kuyandikitsa dzanja ku limu yakumanzere, kenako yakumanja, koma chonde musakhudze disiki kapena kalipa, chifukwa zimatha kuwotcha khungu nthawi yomweyo. Ngati mbali imodzi ikutulutsa kutentha ngati mbaula pamene inayo ili yofunda chabe, mwapeza gudumu lolakwa. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha chapatali angapeze manambala enieni, koma nthawi zambiri kusiyanako kumakhala kwakukulu moti dzanja limakwanira. Onaninso ngati galimoto imakokera mbali imodzi, ndiponso ngati pamalo athyathyathya imakana kuyenda yokha mukachotsa phazi pa buleki.

Mukapita ku galaja, mupite galimoto ili yotentha, vuto likuchitika, ndipo mupemphe makaniko kuti akwere nanu mpaka alimve yekha. Akangoimika, aikweze pa jeke, aiike pa zochirikiza zolimba, ndipo azungulitse magudumu onse awiri akutsogolo ndi dzanja. Ngati lakumanzere likulimba, pali kayesedwe kakale kamene kamasiyanitsa zolakwazo mosavuta: makaniko amamasula pang'ono kanati kotulutsira mpweya pa kalipa. Ngati mafuta atuluka mwamphamvu ndipo gudumu lamasuka pomwepo, ndiye kuti mafuta anatsekeredwa, ndipo wokayikiridwa woyamba ndi payipi ija. Ngati gudumu likulimbabe, vuto lili pa mapini, pa pisitoni, kapena pa mapadi amene akanirira m'malo awo chifukwa cha dzimbiri. Zikapezeka kuti magudumu onse awiri akulimba mofanana, ayang'ane kumtunda, ku pampu yaikulu ya mabuleki imene ili kuseri kwa chopondera.

Palinso wokayikiridwa wina amene sindingamusiye, chifukwa akugwirizana ndi miyezi iwiri imene munapuma. Disiki imayenera kukhala pa habu yoyera ndi yosalala. Ngati pobwezeretsa madisiki opalidwa aja panatsala dzimbiri kapena kamchenga pakati pa habu ndi disiki, disikiyo imakhala yopendekeka pang'ono, ndipo kupendekekako kumakula kukafika m'mphepete mwake. Tsiku loyamba simumva kanthu, popeza disiki imakhala ikadali yokhuthala mofanana. Koma pa kuzungulira kulikonse, malo otulukirawo amakhudza padi ngakhale musanaponde buleki, amadyeka pang'onopang'ono, ndipo pakatha makilomita masauzande angapo disiki imakhala itasiyana kukhuthala kwake, kunjenjemera n'kubwerera. Manati a gudumu amene amangidwa mosafanana, makamaka ndi mfuti ya mpweya imene ena amaikonda chifukwa chofulumira, amabweretsa zotsatira zomwezo. Manati ayenera kumangidwa modumphadumpha ngati mukujambula nyenyezi, n'kumalizidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu yotchedwa torque wrench. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimafuna mphamvu ya pakati pa 100 ndi 120 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira manati), koma nambala yeniyeni ya galimoto yanu ili m'buku lake.

Choncho pali miyezo iwiri imene muyenera kuiumirira, ndipo mupemphe kuti manambala ake akulembereni. Woyamba ndi wa kukhuthala kwa disiki, woyezedwa ndi chida chotchedwa micrometer pa malo asanu ndi atatu kuzungulira disiki, pafupifupi mamilimita 10 kuchokera m'mphepete. Muyezo umenewu umaonetsa kusiyana kumene tanena kuja, komanso umaonetsa ngati disiki yapyapyala kupitirira malire amene opanga anadinda pa disikiyo, kawirikawiri pafupi ndi zilembo zakuti MIN TH. Wachiwiri ndi wa kupendekeka, woyezedwa ndi chida chotchedwa dial gauge disiki ili pa galimoto, itamangidwa ndi manati ake. Opanga ambiri salola kupendekeka kopitirira mamilimita 0.05, ena amalola kufika pa 0.10. Ngati nambala yakwera, makaniko achotse disiki n'kuyeza habu payokha, chifukwa habu imene inapindika pogunda dzenje kapena mwala imawononga disiki iliyonse imene mungaikepo. Popeza madisiki anu anapalidwapo kale, n'kutheka kuti ali pafupi ndi malire, ndipo disiki yopyapyala imatentha msanga chifukwa ili ndi chitsulo chochepa chosungira kutentha. Ngati zili choncho adzafunikadi atsopano, koma agulidwe pambuyo poti chowawononga chakonzedwa, ndipo asinthidwe onse awiri akutsogolo pamodzi ndi mapadi ake, osati mbali imodzi yokha.

Galimoto ili m'mwamba choncho, makaniko agwire tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kenako aligwire kumanzere ndi kumanja. Kugwedera kulikonse kumaloza ku beringi imene gudumu limazungulirapo, kapena ku bolojointi kapena tayirodi, zomwe ndi zitsulo zolumikiza gudumu ku galimoto ndi ku chiwongolero. Mabushi a labala otha a mikono yachitsulo imene imagwira gudumu sayambitsa vuto la disiki, koma amalikulitsa, moti kanthu kakang'ono kamene galimoto yolimba ikanakameza kamafika m'manja mwanu ngati chivomezi. Ngati kunjenjemera kumabweranso musanaponde buleki, makamaka pa liwiro la pakati pa makilomita 80 ndi 110 pa ola, ayang'ane matayala ndi malimu, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro cha gudumu losalinganizidwa kulemera kwake kapena tayala lotupa. Ndipo ngati tsiku lina mudzamva kugwedezeka mu mpando kapena pansi pa galimoto koposa m'chiwongolero, vuto lidzakhala kumbuyo, kumene galimoto zing'onozing'ono zambiri zili ndi madiramu a mabuleki m'malo mwa madisiki, ndipo madiramuwo amatha kusiya kukhala ozungulira bwino.

Mafuta a mabuleki nawonso asinthidwe pa ntchito yomweyi, ndipo ichi n'chimene chimandichititsa kunena kuti musazengereze. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155, ndipo a DOT 3 amatsika kuchoka pa 205 kufika pa 140. Buleki yokanirira imatenthetsa kalipa mosalekeza, ndipo mafuta okalamba akawira amasanduka nthunzi, chopondera n'kumira mpaka pansi popanda kugwira kanthu. Opanga galimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa pakatha zaka ziwiri zilizonse, koma pa galimoto yogula kwa munthu wina simungadziwe tsiku limene anasinthidwa komaliza, choncho ndi bwino kuwatenga ngati akale. Popaka mapini, agwiritse ntchito girisi wa mabuleki, chifukwa girisi wamba amafufumitsa labala ndipo pini imakaniriranso posakhalitsa.

Ntchito ikatha, mapadi ndi madisiki atsopano amafunika kuzolowerana. Pa msewu wopanda anthu, chepetsani liwiro kuchoka pa makilomita 60 kufika pa 10 pa ola maulendo asanu ndi atatu kapena khumi, mukuponda mwapakatikati ndiponso osaima kotheratu, kenako yendani kwa mphindi zingapo kuti zizizire, ndipo pa makilomita 200 kapena 300 oyambirira pewani kuponda mwamphamvu ngati palibe ngozi. Pa mitsetse italiitali, musatsike phazi lili pa buleki njira yonse. Galimoto ya otomatiki ili ndi giya yotsika, imene imalembedwa L, 2, S kapena B malinga ndi mtundu wake, ndipo mukaigwiritsa ntchito injini imathandiza kugwira galimoto. Mukaima pambuyo potsika mtsetse mabuleki ali otentha, musakanikize chopondera mwamphamvu kwa nthawi yaitali, chifukwa m'pamene padi imadinda chithunzi chake pa disiki. Siyani mpata kutsogolo kwanu kuti muzitha kusuntha pang'onopang'ono, ndipo musathire madzi ozizira pa magudumu mutangofika kumene pa ulendo.

FUNSO

A Mlangizi, galimoto yanga imaima bwino pa liwiro lalikulu, koma nthawi zina ikatsala pang'ono kuimiratu, ikuyenda ngati munthu wapansi, chopondera mabuleki chimanjenjemera mothamanga, pansi pamamveka kaphokoso ngati chopukusira, ndipo galimoto imapitirira pang'ono malo amene ndimafuna kuima. Zimachitika ngakhale pa tala wouma, ndipo nyale ya ABS siyaka. Anzanga akuti ndisinthe madisiki. Kodi akulondola?

Ndine,
Bambo woyendetsa tsiku ndi tsiku

YANKHO

Bambo, anzanuwo akufunirani zabwino, koma madisiki anu mwina alibe mlandu. Monga ndafotokozera pamwambapa, vuto la disiki limamveka kwambiri pa liwiro lalikulu ndipo limacheperachepera galimoto ikamaima, pamene lanu likuyamba pamene la disiki limathera. Kunjenjemera kothamanga kokhala ndi kaphokoso kotero ndi ABS, makina oletsa magudumu kumangika ndi kuterereka poponda mabuleki, imene ikugwira ntchito pamene sikufunika.

Makina a ABS oyendetsedwa ndi kompyuta, amene kampani ya Bosch inayamba kuika m'galimoto za Mercedes-Benz mu 1978, amadalira sensa imene ili pa gudumu lililonse, yowerenga mano a kamphete kamene kamazungulira limodzi ndi gudumulo. Kompyuta ikaona kuti gudumu limodzi laima anzake akuzungulirabe, imaganiza kuti likuterereka, ndipo imamasula ndi kumanganso buleki ya gudumulo kambirimbiri pa sekondi imodzi. Masensa a mtundu wakale, okhala ndi maginito ndi waya wokulunga, amatulutsa mphamvu yochepa gudumu likamazungulira pang'onopang'ono. Ngati dzimbiri lamera pansi pa sensa n'kuikweza pang'ono kutali ndi kamphete, kapena tizitsulo tamamatira kunsonga kwake, kapena kamphete kang'aluka, kapena beringi yayamba kugwedera, uthenga wa sensayo umazimirira galimoto isanaimiretu. Kompyuta imaona ngati gudumu lamangika, n'kumasula buleki pa nthawi imene inu mukuifuna kwambiri. Nyale siyaka chifukwa kwa kompyutayo uthengawo ukuoneka womveka, sikuti waya waduka.

Musalichedwetse vuto limeneli, popeza mita imodzi kapena iwiri imene galimoto ikupitirira ndi yokwanira kugunda galimoto ya kutsogolo kapena munthu wodutsa msewu. Pemphani makaniko amene ali ndi kompyuta yoyezera galimoto kuti aonetse liwiro la magudumu onse anayi galimoto ikuyenda, ndipo pamene mukuima pang'onopang'ono aone gudumu limene nambala yake ikugwera pa ziro anzake asanafike. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kuchotsa sensa, kupala dzimbiri pamalo pamene imakhala, kuipukuta ndi kuunika kamphete. Onaninso kuti matayala onse anayi ndi a saizi imodzi. Ena adzakulangizani kuchotsa fyuzi ya ABS kuti vuto lithe. Makaniko angachite zimenezi kwa mphindi zochepa pamalo otetezeka pofuna kutsimikiza gwero la vuto, koma fyuziyo ibwezeretsedwe galimoto isanatuluke m'galaja, chifukwa tsiku la mvula mudzaifuna ABS imeneyo.

FUNSO

A Mlangizi, ndimayenda kawirikawiri ndipo galimoto yanga imakhala panja osayendetsedwa kwa milungu itatu kapena inayi. Ndikabwerako, mabuleki amalira ngati akukhula mchenga ndipo amagwedeza galimoto, koma pakatha tsiku limodzi kapena awiri zimatha. Kodi ndide nkhawa?

Ndine,
Wowerenga wa paulendo

YANKHO

Zimene mukumvazo ndi dzimbiri. Madisiki a galimoto zambiri amapangidwa ndi chitsulo chosungunula chimene chimachita dzimbiri msanga, moti usiku umodzi wa mvula ndi wokwanira kuwafiiritsa. Galimoto ikaima milungu ingapo, dzimbiri limamera pa disiki yonse kupatula malo amene aphimbidwa ndi mapadi, kapena nthawi zina limadya kwambiri malo omwewo chifukwa chinyezi chimabisala pansi pa padi, ndipo mwanjira iliyonse disiki imakhala yosafanana. Ngati dzimbirilo ndi lapamwamba chabe, mapadi amalipala mukaponda kangapo, ndipo palibe chodetsa nkhawa. Mukayamba ulendo woyamba, pondani mabuleki mwapakatikati maulendo angapo pa msewu wopanda anthu musanalowe pakati pa magalimoto ena.

Koma ngati mwayenda makilomita 100 kapena kuposerapo kugwedezekako kusanathe, suzumirani pakati pa mipata ya limu. Mukaona chithunzi cha padi chitatsalira pa disiki, kapena timaenje tokumbika m'chitsulo, dzimbiri lalowa mkati ndipo disikiyo iyenera kuyezedwa, makamaka nkhope yake yamkati imene simungaione gudumu lisanachotsedwe, yomwe kawirikawiri imakhala yowonongeka kuposa yakunja. Ngati pali munthu wodalirika, aziyendetsa galimotoyo kwa mphindi 15 kamodzi pa mlungu. Mukamaisiya nthawi yaitali pamalo athyathyathya, muiike pa P kapena m'giya, muike zotchinga kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, ndipo handibuleki musaikoke, chifukwa imatha kumatirira, ndiponso musaiimike mabuleki ali onyowa mutangoitsuka kumene.